Mankhwala a chiwawu ndi dzimbiri: kagulidwe, kawerengedwe ka mtengo ndi kapoperedwe koti ndalama isapite pachabe

Alimi anzanga, amene munalima soya nyengo ya 2022/23 simukufunika kuchita kuuzidwa kuti dzimbiri ndi chiyani. Munda unali wobiriwira bwinobwino mu Januwale, pofika kumapeto kwa Febuluwale masamba ayamba chikasu kuchokera pansi, sabata ziwiri zokha munda wonse wayoyoka ngati wakhwima chonsecho m'makoko muli timbewu tofwapa basi. Ine ekala ziwiri zinandipatsa zimene ekala imodzi imandipatsa chaka chabwino, ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'choti mankhwala ndinagula, kupopera ndinapopera, koma ndinagula osayenera, pamalo osayenera, komanso nthenda itakhazikika kale. Nde ndati ndilembe zimene ndaphunzira kuchokera nthawi imeneyo, pa soya komanso pa kachewere ndi tomato poti kwathu kuno ku Dedza izi ndi zimene zimatiphunzitsira ana.

Musanatulutse ndalama, dziwani kaye chimene chagwira mbewu

Vuto lathu loyamba ndi mawu oti chiwawu, chilichonse chowauka masamba timangoti chiwawu, nde munthu amafika pa shopu n'kungoti ndipatseni a chiwawu, wogulitsa naye amangotola chimene chili pafupi. Mankhwala amene tikukamba pano amalimbana makamaka ndi fangasi, tizilombo tokhala ngati nkhungu toyambitsa chiwawu ndi dzimbiri, sapha mbozi, sapha nsabwe, sachiza matenda a vayirasi, ndipo sabwezeretsa mbewu imene yachita chikasu kaamba ka njala ya feteleza kapena madzi odikha.

Dzimbiri la soya mumalipeza potembenuza tsamba la m'munsi mwenimweni, osati la pamwamba lowoneka bwinolo ayi. Kunsi kwa tsambalo mumakhala timadontho tofiirira totukuka ngati timatuza, mukapaka pa nsalu yoyera kapena pa pepala pamatsala fumbi lofiirira. Chiwawu cha kachewere ndi tomato chija chimamaliza munda masiku ochepa chimayamba ngati tsamba lathiridwa madzi otentha, banga lakuda lonyowa, m'mawa kunsi kwake kumaoneka tinkhungu toyera, kenako tsinde nalo limada, ndipo chimakonda nyengo yozizira ya nkhungu ndi mvula yamawawa, ija ya ku Bembeke, Tsangano ndi Lizulu. Koma tomato kapena kachewere akangofota mwadzidzidzi masamba ali obiriwira, dulani tsinde muviike m'tambula ya madzi oyera, mukaona tiulusi toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera podulapo dziwani kuti amenewo ndi mabakiteriya a m'dothi, olo mutapopera botolo lonse palibe chimene chisinthe, zulani mukataye kutali ndipo malo amenewo musabzalepo tomato, kachewere kapena fodya kwa zaka zingapo. Mtedza wa kadukutu chimodzimodzi, imeneyo ndi vayirasi yobwera ndi nsabwe. Mukakayika zulani mbewu yonse ndi mizu yomwe mupite nayo kwa alangizi ku EPA, ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu, kapena ku chipatala cha mbewu ngati kwanuko chimachitika tsiku la msika, ulendo umenewo ndi wotchipa kuposa botolo lolakwika.

Mankhwalawa ali m'magulu awiri ndipo apa ndi pamene ndinagwera ine

Pali otchinjiriza, awa amangokhala pamwamba pa tsamba ngati chofunda kuti fangasi ikatera isamere. Ndi monga mancozeb amene tonse timangomutcha Dithane, kopa uja wobiriwira dzina lake copper oxychloride, ndi chlorothalonil amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Bravo. Awa ndi abwino zedi koma ntchito yawo ndi nthenda isanalowe, mvula yamphamvu imawatsuka, tsamba latsopano lophuka mutapopera kale silitetezedwa, nde amafuna kubwereza pafupipafupi. Kenako pali olowa m'kati mwa tsamba, monga tebuconazole wa mu Folicur, azoxystrobin wa mu Amistar ndi Ortiva, difenoconazole, propiconazole, ndi metalaxyl wa mu Ridomil. Awa akalowa mvula siwachotsa msanga ndipo amatha kuimitsa nthenda imene yangoyamba kumene. Ndanena kuti yangoyamba kumene, tsamba lopsa kale palibe mankhwala olidzutsa.

Ine chaka chija ndinathira amene anandiuza kuti ndi Dithane pa soya amene dzimbiri linali litafika kale pakati pa mbewu, ndiye kunali kutseka khola mbuzi zitatuluka kale. Komanso olowa m'katiwa sikuti aliyense amagwira nthenda iliyonse. Metalaxyl ndi katswiri pa chiwawu cha kachewere ndi tomato koma pa dzimbiri la soya alibe ntchito, pomwe tebuconazole, difenoconazole ndi propiconazole amathandiza pa dzimbiri ndi madontho a masamba a mtedza koma chiwawu chakuda cha kachewere sachigwira. Munthu wopopera Ridomil pa soya wadzimbiri akulipira ndalama zambiri pa chinthu choti gawo lake lodula, metalaxyl uja, silikugwira ntchito m'mundamo.

Werengani timalemba ting'onoting'ono, osati dzina lalikulu

Dzina lalikulu la pa paketi ndi la malonda chabe. Chimene mukugula ndi chija chalembedwa pansi pake motimo active ingredient, ndi nambala yake. Mukaona mancozeb 800 WP ndiye kuti pa kilo imodzi magalamu 800 ndi mankhwala enieniwo ndipo ndi aufa osungunula m'madzi, kaya paketiyo yalembedwa Dithane M-45 kaya dzina lina lachilendo la kampani ya ku India, mankhwala ake ndi omwewo bola akhale olembetsedwa. Tebuconazole 250 ndiye magalamu 250 pa lita. Ridomil Gold MZ 68 ndi osakaniza, magalamu 640 a mancozeb ndi 40 a metalaxyl-M pa kilo. Nativo ndi tebuconazole ndi trifloxystrobin, Amistar Top ndi azoxystrobin ndi difenoconazole. Zilembo za kumapeto zija, WP ndi ufa, WG ndi timibulu tosungunuka, SC ndi amadzi okhuthala ofunika kukhutchumula kaye, EC ndi aja amasanduka ngati mkaka mukathira m'madzi.

Mukazolowera izi mumasiya kuyenda mashopu asanu kusaka dzina limodzi limene latha chonsecho mankhwala omwewo ali pa shelefu m'dzina lina ndipo pena otsikirapo mtengo. Lembani dzina la active ingredient pa foni kapena pa kapepala musananyamuke.

Lamulo likuti chiyani

Kuno ku Malawi mankhwala onse a mbewu ali pansi pa lamulo la Pesticides Act la chaka cha 2000, limene linakonzedwanso mu 2018, ndipo amene amaliyendetsa ndi a Pesticides Control Board, ambiri timangoti PCB, likulu lawo lili ku Bvumbwe m'boma la Thyolo. Ntchito yawo ndi kulembetsa mankhwala aliwonse asanayambe kugulitsidwa m'dziko muno, kupereka chilolezo kwa oitanitsa kuchokera kunja, kupereka layisensi kwa ogulitsa, komanso kuyendera mashopu ndi kulanda mankhwala osaloledwa, otha nthawi kapena achinyengo. Kwa ife alimi izi zikutanthauza zinthu zosavuta: wogulitsa akuyenera kukhala ndi layisensi ya PCB ndipo kufunsa kuti ndiione si mwano ayi, mankhwala akuyenera kukhala m'paketi kapena m'botolo lake lenileni lomata kuchokera ku fakitale, ndipo lebulo ikuyenera kukhalapo yathunthu yowerengeka. Abale athu a ku Chipata ndi Katete kwanuko amene amaona zimenezi ndi a ZEMA, koma mfundo yake ndi yomweyi.

Pa lebulo yang'anani mbewu ndi matenda amene mankhwalawo analembetsedwera, mulingo wake, masiku odikira musanakolole, dzina ndi adiresi ya kampani yopanga ndi yoitanitsa, nambala ya bachi yosonyeza gulu limene anapangidwira limodzi ku fakitale, tsiku lopangidwa ndi lothera ntchito. Mankhwala ambiri amakhala zaka ziwiri kuchokera tsiku lopangidwa ngati asungidwa bwino. Pomwe palembedwa deti pakaoneka pofufutidwa, pomatidwa kapepala kena pamwamba, kapena chitsekerero chikuoneka kuti chinatsegulidwapo, bwezani osachita manyazi. Ufa umene waundana ngati simenti wanyowa, musiyeni. Mzere wa mtundu uli m'munsi mwa lebulo uja ukunena za ukali wake kwa munthu, pa malebulo ambiri wofiira ndi woopsa kwambiri, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira ndiye wocheperako, koma sukunena kuti wofiira ndiye amapha nthenda kwambiri ayi, anthu ambiri amasokoneza pamenepa.

Tsono nkhani ya timapepala ta pa msika. Ndikudziwa chifukwa chake timagula, munthu uli ndi kadimba kakang'ono ndipo ndalama ya kilo yathunthu palibe, nde wina wakhala pa benchi akuyeza ndi supuni m'timapulasitiki kapena m'timabotolo ta zakumwa. Anga aja ndinagula choncho, ufa wachikasu m'kajumbo kopanda dzina, mpaka lero sindingalumbire kuti munali chiyani ndipo kokadandaula kunalibe poti risiti panalibe, sabata yotsatira munthuyo pamalopo panalibenso. Kuphwatula mankhwala n'kumagulitsa motero ndi kuphwanya lamulo, ndipo ndi njira imene ufa wosakaniza ndi zina, mankhwala otha nthawi ndi osungunula ndi madzi amadutsira. Mashopu ovomerezeka ambiri masiku ano amakhala ndi timapaketi ting'onoting'ono tomata ku fakitale, funsani timeneto. Ife a m'malire tilinso ndi yesero lina, msewu wa M1 pa Lizulu mbali ina ndi Malawi mbali ina ndi Mozambique, mankhwala a lebulo ya Chipwitikizi amawoloka tsiku lililonse. Mwina ena ndi enieni kwawoko, koma ngati simutha kuwerenga mulingo ndi masiku odikira ndiye kuti mukupopera mongolota, ndipo akakuwotcherani mbewu lamulo la kuno silikutetezani.

Mtengo ukukwereranji chonchi

Mankhwalawa pafupifupi onse ndi ochokera kunja, ambiri amapangidwa ku India ndi ku China, ena amadzera ku South Africa, amatsikira pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam kenako pa thiraki mpaka kuno. Woitanitsa amalipira ndi dola, nde kwacha ikagwa botolo limakwera olo likhale lomwe lija linali pa shelefu dzulo, poti mwini shopu akuwerengera ndalama yokaitanitsira lina. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki, ndipo inali nthawi yomwe tikukonzekera kubzala. Kuwonjezera apo madola enieniwo amasowa m'mabanki, woitanitsa amadikira miyezi, katundu amafika mochedwa kapena wochepa, mafuta a galimoto nawo akavuta thiransipoti yofikitsa ku ma tirediing'i senta imakwera. Palinso za kutali zoti sitiziona, mwachitsanzo alimi a soya a ku Brazil amagwiritsa ntchito mancozeb wochuluka zedi polimbana ndi dzimbiri lomweli, ndiye ife ndi ogula ang'onoang'ono pa msika umene akuluakulu akulimbirana. Ndipo musaiwale kuti mapologalamu a zipangizo zotsika mtengo, kaya FISP kaya AIP, mtima wake wakhala pa feteleza ndi mbewu, mankhwala a chiwawu mlimi amadzionera yekha.

Izi sitingazisinthe ife. Chimene tingasinthe ndi nthawi yogulira. Mu Febuluwale nthenda ikabuka aliyense amathamangira ku shopu tsiku limodzi, katundu amatha, wotsalayo mtengo umakhala wa mwini wake, ndipo ndi nthawi imene achinyengo amatulukira. Ine pano mankhwala a soya ndimagulira limodzi ndi mbewu ndi inokulanti, uja timasakaniza ndi mbewu ya soya pobzala, mu Novembala kapena kumayambiriro a Disembala, ndimaika mu bajeti ngati mmene ndimaikira feteleza wa chimanga, osati ngati ngozi yodzidzimutsa. Ndimafunsa mitengo malo atatu, mashopu akuluakulu okhala ndi nthambi m'maboma monga ATC, Farmers World kapena Agora, komanso ma agirodila a pafupi amene ali ndi layisensi, ndipo ndimafunsa ndi dzina la active ingredient.

Mtengo weniweni ndi wa pa ekala, osati wa pa botolo

Apa khalani pansi ndi cholembera. Manambala awa ndangoika kuti tiphunzirire masamu, inu muikemo a pa shopu yanu ndi a pa lebulo yanu. Tiyerekeze botolo la lita imodzi likugulitsidwa K60,000 ndipo lebulo ikuti mamililita 500 pa hekitala. Hekitala ndi pafupifupi ekala ziwiri ndi theka, nde pa ekala mukufuna mamililita 200, imeneyo ndi K12,000 kupopera kamodzi. Paketi ina ya kilo imodzi ili pa K20,000, ikuoneka yotchipa katatu, koma lebulo yake ikuti makilo 2 pa hekitala, pa ekala ndi magalamu 800, imeneyo ndi K16,000 kupopera kamodzi, ndipo ngati ndi otchinjiriza mubwereza kangapo kuposa oyamba aja. Mwaona, chimene chimaoneka chodula pa kauntala pena ndi chimene chili chotchipa m'munda. Sindikuti nthawi zonse zimatero, pa kachewere mancozeb ndiye msana wa pologalamu yonse ndipo simungamuthawe, ndikungoti werengerani musanasankhe.

Mukapeza mtengo wa pa ekala, chulukitsani ndi maulendo amene mupopere, onjezani ganyu wa opopera ndi otunga madzi, kenako gawani ndi mtengo wa thumba limodzi la zokolola zanu, mutha kuyambira pa mitengo yoyambira imene unduna wa zaulimi umalengeza chaka chilichonse. Yankho lake ndi matumba amene mankhwalawo akuyenera kupulumutsa kuti abweze ndalama. Pa soya wobzalidwa bwino chaka cha chinyezi nthawi zambiri yankho limakhala lochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene dzimbiri limatenga, poti nthendayi ikalekereredwa imatha kudya zoposa theka la zokolola. Koma pa munda umene unamera mwa apo ndi apo, udzu thoo, wobzalidwa mochedwa, pena masamu amakana ndipo ndi bwino kuvomereza. Pa chimanga cha pakhomo ine sindipopera, ndimasankha mbewu yopirira ku matenda a masamba ndi kuchita kasinthasintha basi.

Botolo la lita likakukulirani, gulani pa kalabu. Ife timasonkha anthu asanu, timagula ndi risiti m'dzina la kalabu, botolo limakhala kwa msungichuma, ndipo sitigawana m'timabotolo ayi, timapangana masiku opopera n'kumayenda nalo botolo lenilenilo munda ndi munda, aliyense kuyeza gawo lake ndi sirinji pamaso pa anzake. Ubwino wina ndi woti minda yoyandikana imapoperedwa sabata imodzi, poti fumbi la dzimbiri limayenda ndi mphepo silidziwa malire a munda.

Yezani sipuleya yanu kamodzi kokha, mudzandithokoza

Funso limene limabwera kwambiri ndi loti ndithire masupuni angati mu sipuleya. Supuni zimasiyana, kayendedwe ka anthu kamasiyana, nozo zimasiyana, nde yankho la mnzanu si lanu. Chitani izi: yezani malo a mamita 10 mulitali ndi 10 mulifupi m'munda momwemo, thirani madzi okhaokha odziwika kuchuluka kwake mu sipuleya, poperani malowo mmene mumayendera masiku onse, kenako yezani madzi amene atsala. Amene apitawo chulukitsani ndi 40 mupeza a pa ekala, kapena ndi 100 mupeza a pa hekitala. Ngati apita malita 2 ndiye kuti ekala ikufuna malita 80, amenewo ndi masipuleya asanu a malita 16. Mamililita 200 a pa ekala aja gawani pasanu, mupeza 40 pa sipuleya iliyonse. Basi. Sirinji ya ku famase kapena kakapu koyezera kamene kamabwera ndi botolo ndi zokwanira, za ufa pemphani pa shopu akuyezereni pa sikelo kamodzi muike chizindikiro pa kachitini kamene kazigwira ntchito imeneyo yokha. Mbewu ikakula bwerezani kuyezaku poti masamba ochuluka amamwa madzi ambiri.

Kuchepetsa mulingo kuti botolo lifike patali ndi kumene kumatipweteka kwambiri, nthenda siifa, ndalama yapita, ndipo fangasi yotsalayo ndi imene imazolowera mankhwala. Kuwonjezera nako kumawotcha masamba, makamaka kopa ndi aja a gulu la tebuconazole dzuwa likamaswa mtengo. Madzi akhale oyera osati amatope a m'chithaphwi, ufa yambani mwausungunula m'kandowa musanathire mu sipuleya, ndipo osakaniza lero apoperedwe lero lomwe.

Nthawi yopopera

Pa soya yambani kuyendera munda kawiri pa sabata akangoyamba maluwa, kutembenuza masamba a m'munsi malo osiyanasiyana makamaka kumene kumakhalitsa mame. Kupopera koyamba kumagwira bwino pakati pa maluwa ndi kuyamba kwa timakoko, kapena msanga mukangomva kuti dzimbiri laoneka m'dera lanu, musadikire kuti mulione likuchita kufiira. Kwachiwiri kumabwera pakadutsa masiku 14 mpaka 21 malinga ndi lebulo ngati nyengo idakali yachinyezi. Makoko akadzaza ndipo masamba ayamba chikasu cha kukhwima, kupopera n'kutaya ndalama. Nozo iloze m'kati mwa mbewu kuti mankhwala afike masamba apansi, kungowaza pamwamba ngati mukudalitsa munda sikuthandiza.

Pa kachewere ndi tomato wa dzinja musadikire chizindikiro n'komwe, yambani ndi otchinjiriza mbewu ikadali yaing'ono n'kumabwereza masiku 7 mpaka 10 alionse, nkhungu ndi mawawa zikachuluka kapena mukaona banga loyamba ndi pamene mulowetse wa metalaxyl, kenako n'kubwerera ku otchinjiriza. Poperani mame atauma, kopanda mphepo, ndipo kumwamba kukuonetsa kuti papita maola angapo mvula isanagwe.

Chinthu china chimene ambiri sitichilabadira ndi kusinthasintha magulu. Pa malebulo ambiri atsopano pamakhala nambala ya gulu, tebuconazole, difenoconazole ndi propiconazole onse ndi gulu 3, azoxystrobin ndi trifloxystrobin ndi gulu 11, metalaxyl ndi gulu 4, pomwe mancozeb, kopa ndi chlorothalonil nambala zawo zimayamba ndi M. Kuchoka pa tebuconazole kupita pa propiconazole si kusintha ayi, ndi banja limodzi. Izi si nthano, metalaxyl atangoyamba kugwiritsidwa ntchito payekha, pofika 1980 ku Ireland ndi ku Netherlands chiwawu cha kachewere chinali chitamuzolowera kale, n'chifukwa chake lero amabwera wosakaniza ndi mancozeb ndipo lebulo imaika malire a maulendo pa nyengo imodzi. Dzimbiri la soya nalo, limene linafika ku Zimbabwe mu 1998 ndi ku South Africa ndi ku Brazil mu 2001, ku Brazil komweko lafooketsa kale mankhwala a gulu 3 ndi 11 opoperedwa paokha, mpaka boma linaika miyezi yoti m'minda musapezeke soya wamoyo olo mmodzi kuti nthenda isowe pogonera. Ife lamulo lotero tilibe koma nzeru yake titha kuitenga, soya womera yekha m'munda ndi m'madimba nthawi ya chilimwe tizizula, ndipo tizibzala ndi mvula yoyamba kuti dzimbiri lizipeza mbewu itapita kale patali.

Thupi lanu ndi la amene adye

Poti mankhwala a chiwawu sagwetsa munthu pompopompo ngati ena a mbozi, timawatenga ngati ufa wamba, anthu amavundula Dithane ndi dzanja. Dziwani kuti maiko a European Union anasiya kuloleza chlorothalonil mu 2019 ndi mancozeb kumapeto kwa 2020, woyambayo chifukwa cha zotsalira zake m'madzi a pansi pa nthaka, kuopsa kwake ku nsomba ndi nkhawa ya khansa, winayo chifukwa cha nkhawa pa uchembere ndi kusokoneza mahomoni m'thupi. Lamulo la kumeneko si la kuno, chololedwa kuno amanena ndi a PCB, koma thupi la munthu ndi limodzimodzi kulikonse. Valani magolovesi a pulasitiki, malaya a manja aatali, buluku, majombo ndi chotseka pakamwa ndi mphuno makamaka posungunula ufa poti pamenepo ndi pamene mankhwala ali okhathamira. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana asayandikire ntchito imeneyi. Nozo ikatseka osaipemerera ndi pakamwa, tokosani ndi kaudzu. Mukamaliza sambani ndi sopo, zovalazo zichapidwe pazokha, ndipo kumwa mkaka sikuchotsa poizoni ayi, wina akayamba chizungulire, kusanza kapena kuyabwa kwambiri mupite naye ku chipatala mutanyamula botolo kapena lebulo yake. Amene mumalima pa kontirakiti mbewu zopita kunja funsani kaye kampani yanu mndandanda wa mankhwala amene amalola, katundu amakanidwa chifukwa cha zotsalira za mankhwala.

Alimi a tomato anzanga, chonde, chizolowezi chopopera Dithane pa tomato wothyola kale kapena wa mawa pa msika kuti awale ndi kuchedwa kuwola tisiye. Masiku odikira olembedwa pa lebulo aja alipo chifukwa tomatoyo akukadyedwa ndi mwana wa munthu, pena waiwisi. Thyolani kaye okhwima, kenako poperani, kenako werengani masiku.

Botolo likatha litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu sipuleya apite m'munda, kenako libooleni kuti wina asadzasungiremo mafuta ophikira, mchere kapena madzi akumwa, ndipo osatsukira sipuleya pa mjigo, pa chitsime kapena mu mtsinje. Otsala asungidwe m'botolo lake lomwelo, pouma, pozizira, pokiya, kutali ndi ufa ndi mbewu zodya.

Mukagula chinthu n'kuona kuti sichili bwino, kaya mtundu wake ndi wachilendo, kaya sichikusungunuka, kaya mwapopera pa nthawi yake ndi mulingo wake koma nthenda ikungopitirira ngati mwathira madzi, musataye paketiyo. Jambulani lebulo mbali zonse ndi nambala ya bachi ioneke, sungani risiti kapena uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money umene munalipirira, lembani tsiku limene munapopera ndi mulingo umene munathira, mupite nazo kwa alangizi a kwanu kapena ku ofesi ya zaulimi ya pa boma kuti nkhani ikafike ku PCB, ndipo kotsala m'botolo muja musakagwiritsenso ntchito, kasiyeni momwemo kuti akafuna kukayeza apeze choyeza.